Kwa achemwali amene mukufuna kaunsela pa sukulu

Achemwali, ndawerenga zomwe mwalemba, zoti muli chaka chachiwiri ku yunivesite, tulo sitikubwera, chakudya sichikulowa, kalasi munasiya kupita, nde mukufunsa komwe mungapeze kaunsela, amalipiritsa bwanji komanso ngati makolo angauzidwe. Pepani kwambiri. Ine njira imeneyi ndinadutsamo ndili chaka chachitatu mayi anga atamwalira, nde ndikuuzani zomwe ndinaona ndi maso anga.

Pitani kwa kaunsela weniweni wa pa sukulu, amene analembedwa ntchito imeneyoyo ndipo anaiphunzira. Ma yunivesite ambiri amakhala naye, pena ku ofesi ya dean wa ma student pena ku kiliniki, mukafunsa nesi akulozerani. Ndikuti weniweni chifukwa apa mpomwe ine ndinapwetekera. Pa sukulu pathu panali ma peer counsellor, ma student anzathu omwe anangochita maphunziro a masiku ochepa, nde ine poopa kuonedwa ndikulowa mu ofesi ndinasankha mtsikana wina mwa iwowo poti tinkakhala hositelo imodzi komanso ankaoneka wachifundo. Ndinamuuza zonse, zoti ndikumwa mowa kuti ndigone, zoti usiku ndimalakalaka nditangotsatira mayi anga, zonse ndithu osasiyako. Sabata isanathe munthu wina wa m'kalasi mwathu yemwe sindinkacheza naye n'komwe anandigwira phewa nkuti ndamvatu zako limba mtima. Achemwali ndinamva ngati andivula pagulu. Kuchokera tsiku limenelo ndinatseka pakamwa semesita yonse, osalankhula ndi munthu aliyense, mayeso ndinalowa mutu uli mbuu ndipo makosi atatu ndinalakwa. Sindikuti ma peer onse ndi otero ayi, ena amathandiza ndithu makamaka kukuperekezani ku ofesi, koma nkhani zakuya musamusenzetse munthu amene mawa mukhale naye mu group discussion. Alibe chomumanga, olo aulule palibe ntchito yomwe ingamuthere.

Ndiye mukalowa kwa kaunselayo, musanayambe nkhani yanu mufunseni kaye mafunso atatu awa: zomwe ndinene pano ziwerengedwa ndi ndani, fayilo yanga imasungidwa kuti, nanga ndi nthawi iti pomwe mungauze munthu wina. Musachite manyazi, kaunsela wabwino amayamba yekha kufotokoza zimenezi. Kawirikawiri ngati mwakwana zaka 18 makolo kapena ma lecturer sauzidwa popanda inu kuvomera, kupatula akaona kuti moyo wanu kapena wa munthu wina uli pa chiopsezo. Mukaona akuzemba funsoli kapena ofesi yake ndi yoti anthu akungolowa nkutuluka muli mkati mofotokoza, pemphani malo ena kapena munthu wina. Komanso ngati kaunselayo ndi yemweyo amakuphunzitsani nkumakuchongerani mayeso, ine ndingati funani wina.

Za ndalama, wa pa sukulu nthawi zambiri ndi waulere kapena zinalowa kale mu fizi yomwe mumalipira, nde musaope. Vuto lake amakhala mmodzi kapena awiri pa ma student masauzande, mzere umatalika, ndipo ambiri amakupatsani masesheni owerengeka, mwina 4 mwina 6, kenako amakutumizani kuchipatala ngati zikufunika kupitirira. Sesheni imodzi imakhala mphindi 45 mpaka ola. A private amalipiritsa pa sesheni iliyonse ndipo kwa student ndi zowawa ndithu poti sikupita kamodzi kokha, bola muyambire waulereyo, mukafika kwa a private funsani ngati amatsitsako kwa ana a sukulu.

Koma chonde musadikire mayeso ayandikire. Nthawi imeneyo aliyense amathamangira komweko ndipo malo sapezeka. China chomwe palibe anandiuza ine nchakuti mukapita msanga pamakhala umboni wolembedwa, nde ngati zitavuta kaunsela kapena dokotala amatha kukulemberani kalata yopempha kuti mayeso mulembe nthawi ina kapena mupume kaye semesita nkudzapitiriza. Ine ndinapita zotsatira zitatuluka kale, kaunsela amene anandithandizayo anandimvera chisoni koma kalata yobwerera m'mbuyo sakanalemba poti nthawi yonse ija sanandioneko. Ndinalemba ma sapu, mayeso achibwereza a makosi omwe ndinalakwa, kosi imodzi nkubwereza chaka chonse. Mpaka pano zimandiwawa chifukwa zinali zopeweka.

Tsiku loyamba musayembekezere zodabwitsa. Mwina akupatsani kapepala ka mafunso 9 kotchedwa PHQ-9, kamafunsa m'mene mwakhalira masabata awiri apitawa, tulo, kudya, kutopa, kusasangalala ndi zinthu zomwe kale munkazikonda. Palinso kena ka nkhawa ka mafunso 7, GAD-7. Yankhani zoona zokhazokha, musachepetse kuti muoneke olimba, simayeso awa. Kaunsela sakuuzani kuti chitani chakuti ngati azakhali, amafunsa mafunso ambiri, ndipo ngati akugwiritsa njira ya CBT, yothandiza munthu kusintha kaganizidwe ndi kachitidwe ka zinthu, azikupatsani tintchito tokachita, monga kulemba maganizo omwe amakubwererani usiku nkuwaunika limodzi, kapena kudzuka nthawi imodzimodzi tsiku lililonse olo musanagone bwino. Ine poyamba ndinkaona ngati zachibwana, sesheni yachiwiri ndinatuluka ndikulira kuposa m'mene ndinalowera, koma pofika yachinayi mpomwe ndinayamba kugona. Nde musathawe pa ulendo woyamba. Koma ngati mwapita katatu kanayi munthuyo akungokudzudzulani kapena kukulalikirani, kusintha kaunsela ndi kololedwa.

Pitaninso ku kiliniki akakuyezeni magazi. Kuchepa kwa magazi ndi vuto la chithokomiro zimabweretsa kutopa ndi kufooka kofanana ndi dipuleshoni, nde ndi bwino adziwe chenicheni. Mankhwala amalemba ndi dokotala osati kaunsela. Akakupatsani monga fluoxetine dziwani kuti sagwira pompopompo, amatenga masabata angapo, ena mpaka 6, ndipo masiku oyamba mutha kumva nseru kapena kusowa mtendere m'thupi. Kwa anthu osakwana zaka 25 masabata oyambirirawo maganizo ofuna kudzipha amatha kukwera, nde mukaona zimenezo bwererani kwa dokotala tsiku lomwelo. Mukayamba kupeza bwino musawasiye nokha, amafunika kupitiriza miyezi pafupifupi 6 nkuwasiya pang'onopang'ono dokotala akuona. Ndipo amene wayankha uthenga wanu kuti mungogula diazepam kuti muzigona, ayi ndithu musatero, thupi limawazolowera msanga mapilisi amenewo, ndiye mukaphatikiza ndi mowa ndi zoopsa zedi. Chamba nachonso chisiyeni, kwa ena chimawonjezera nkhawa.

Enanu mwalemba kuti angolimba mtima, ena akuti ndi nkhani ya chibwenzi basi, ena akuti angopemphera zitha. Inenso ndimapemphera ndipo zinandigwira mtima nthawi imeneyo, koma munthu wanena kuti watha masabata osagona osadya, ameneyo akufunika kuonedwa ndi odziwa. Mawu oti limba mtima ndi omwe anandisowetsa ine pothawira.

Pali chimodzi chomwe simunalembe koma ndikufunsani poti ine palibe anandifunsa: kodi maganizo ofuna kudzipha akumakubwererani? Ngati eya, zodikira tsiku lomwe kaunsela wakupatsani zisiyeni, pitani lero lomwe ku kiliniki kapena kuchipatala chapafupi mukanene mawu amenewo m'mene alili, olo ndi usiku, ndipo uzani munthu mmodzi wamkulu yemwe mumamukhulupirira akhale nanu, mapilisi onse omwe muli nawo m'chipinda mumupatse asunge. A WHO, bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse, amati anthu opitirira 700,000 amadzipha chaka chilichonse pa dziko lonse, ndipo ndi chimodzi mwa zinthu zomwe zikupha kwambiri achinyamata a zaka 15 mpaka 29, nde azachipatala sadabwa nazo ndipo sakusekani.

Ngati kulankhula kukuvuta, lembani pa pepala usiku uno zomwe mwatilembera kunozi, muwonjezere kuti zinayamba liti komanso mukugona maola angati, mawa mukangomupatsa kaunselayo awerenge yekha. Ine ndinachita choncho chifukwa mawu ankakana kutuluka. Mukapita mudzatiuze m'mene mwayendera achemwali, ine ndikhala ndikudikira.