Unduna ukukonza malamulo atsopano, phungu wathu sakudziwa kanthu

A Mlembi,

Kalata yanu ndailandira. Mwati ndinu gulu la anthu ogulitsa mbewu, feteleza ndi mankhwala a m'munda m'mashopu ang'onoang'ono, ndipo mwamva kwa mlangizi wina kuti ku unduna kukukonzedwa malamulo atsopano a ziphaso. Akuti ndalama ya chiphaso ikwera, komanso aliyense adzafunika kukhala ndi chipinda chapadera chosungiramo mankhwala. Mutapita kwa phungu wa dera lanu, iye anadabwa nati sanamvepo. Ndiye mukufunsa ngati lamulo lingabadwe aphungu osadziwa, komanso zimene mungachite kuti adziwe nthawi ikadalipo.

Zimatheka ndithu, ndipo phungu wanu n'kutheka kuti sanakunamizeni.

Malamulo amene timawamva pa wailesi akukambidwa ku Lilongwe, aja amayamba ngati bilu, n'kuwerengedwa katatu m'Nyumba ya Malamulo, Mtsogoleri wa dziko n'kusaina, ndi ochepa poyerekeza ndi amene amatikhudza tsiku ndi tsiku. Lamulo lotere kawirikawiri limangoyala maziko, kenako chakumapeto kwake limati nduna ikhoza kupanga malamulo ena ang'onoang'ono oyendetsera ntchitoyo. M'malamulo ang'onoang'onowa ndi mmene mumakhala mtengo wa chiphaso, fomu yodzaza, kukula kwa chipinda, tsiku lomaliza kulembetsa. Amalembedwa ndi akuluakulu a ku unduna, akatswiri olemba malamulo a ku Unduna wa Zachilungamo amawawongola, nduna imasaina, basi n'kutuluka ndi nambala yake mu Gazeti ya Boma, chikalata chimene boma limalengezeramo malamulo ndi zidziwitso zake. Lamulo lomasulira malamulo, General Interpretation Act, limati ayenera kusindikizidwa mu Gazeti, ndipo amayamba kugwira ntchito tsiku lomwelo kapena tsiku lina limene latchulidwa mmenemo. Paulendo wonsewu palibe pamene phungu akuponya voti.

Mphamvu imeneyi imachokera pa gawo 58 la malamulo aakulu a dziko lino. Gawoli limalola Nyumba ya Malamulo kubwereka mphamvu zake ku boma kapena ku makhothi kuti apange malamulo ang'onoang'ono, bola asapyole malire ndi zolinga za lamulo limene lawabereka. Limapitiriza kunena kuti malamulo opangidwa moteremu aperekedwe ku Nyumba ya Malamulo motsatira ndondomeko ya nyumbayo. Taonani bwino pamenepa, a Mlembi: chimene chikuperekedwa ndi chinthu chopangidwa kale. Gawoli silikulamula nduna kuti ionetse aphungu zimene ikulemba isanasaine. Ndiye aphungu amalandira nsima itaphikidwa kale, nthawi zina anthu atayamba kale kuidya.

Ine ndimaona kuti apa lamulo lathu ndi loperewera, ndipo sindibisa. Ku Kenya anakhazikitsa lamulo mu 2013 lokakamiza opanga malamulo ang'onoang'ono kufunsa kaye anthu amene akhudzidwe, komanso kuwapereka ku nyumba ya malamulo pasanathe masiku asanu ndi awiri a zokambirana za nyumbayo kuchokera pamene asindikizidwa. M'chigawo cha Illinois ku America, nthambi ya boma imayenera kulengeza zimene ikufuna kukhazikitsa n'kudikira masiku osachepera 45 kuti anthu ayankhulepo, kenako n'kuzitumiza ku komiti ya aphungu 12 kuti izione zisanayambe kugwira ntchito. Kwathu kuno maunduna ena amaitanitsa misonkhano yomva maganizo a anthu, koma nthawi zambiri oitanidwa amakhala makampani akuluakulu ndi mabungwe a m'tauni. Wogulitsa mbewu wa pamsika wa kumudzi amamva zonse zitatha.

Choncho ntchito yodziwitsa phungu yagwera inu. Siyovuta monga mmene ikuonekera.

Yambani ndi kupeza lamulo limene likubereka malamulo atsopanowo. Yang'anani pa chiphaso chanu chapachikidwa pakhoma chija: pamwamba pake pamakhala dzina la lamulo limene chinaperekedwera. Lipezeni pa intaneti pa MalawiLII, tsamba losunga malamulo a dziko lino, kapena gulani kope kwa osindikiza mabuku a boma ku Zomba. Pitani pa gawo limene likupatsa nduna mphamvu, muliwerenge mofatsa. Malamulo ena amati nduna ipange zimenezi itafunsa kaye bodi kapena komiti inayake, kapena italandira malangizo a bungwe loyang'anira ntchitoyo. Ngati mawu otere alimo, mwapeza khomo lina logogoda, ndiponso nduna ikadumpha sitepe imeneyo mwapeza mfundo yoimirira nayo m'khothi. Onaninso ngati lamulolo likulola kuika ndalama za ziphaso komanso kulamula za malo osungira katundu. Mwana sangapose pamene mayi wake anamuikira malire.

Kenako pemphani chikalata chenichenicho. Musadalire za m'maluwa, chifukwa phungu sangaime m'nyumba ija n'kunena kuti "anthu anga amva mphekesera". Gawo 37 la malamulo aakulu limakupatsani ufulu wopeza uthenga umene boma likusunga, ndipo lamulo la Access to Information, limene linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020, limati nthambi iliyonse ya boma ikhale ndi mkulu wolandira mapempho otere ndipo iyankhe pasanathe masiku 15 ogwira ntchito. Lembani kalata yopempha kope la malamulo akukonzedwawo, tsiku limene akuyembekezeka kusainidwa, ndi mndandanda wa magulu amene afunsidwa maganizo. Tengani makope awiri, lina adinde chidindo cha tsiku lolandira n'kukubwezerani. Akhoza kukana ponena kuti ntchitoyo ikadali mkati, koma kukanako kubwere molemba ndi zifukwa zake, ndipo mukhoza kukadandaula ku bungwe la Malawi Human Rights Commission limene limayang'anira lamuloli. Ngakhale kalata yokana ndi yothandiza, chifukwa imatsimikiza kuti chinthucho chilipodi.

Tsopano kwa phungu. Musamupeze pa maliro kapena pa msonkhano wa chitukuko n'kumunong'oneza. Mawa lake adzakhala ataiwala. Mulembereni tsamba limodzi kapena awiri. Nenani dzina la lamulo ndi gawo lake, zimene zikufuna kusintha, kuchuluka kwa mamembala anu, ndalama imene mumalipira lero, ndi ndalama imene kumanga chipinda chapadera kungadye malinga ndi mitengo ya njerwa, simenti ndi malata kwanuko. Mukatero nenani chimene mukupempha. Ngati simukutsutsana ndi kusunga mankhwala mosamala, ndipo ndikukhulupirira simukutsutsana nazo pakuti mankhwala amenewa amaphadi ana, nenani choncho poyera, mupemphe nthawi yokonzekera kapena ndalama yosiyana pakati pa shopu yaing'ono ndi kampani yaikulu. Pempho lotere limamveka kusiyana ndi kungokana zonse.

Phunguyo ali ndi zida zimene inu mulibe. Gawo 96 la malamulo aakulu limati nduna zizipezeka ku Nyumba ya Malamulo kuti ziyankhe mafunso okhudza mfundo za boma, ndiye akhoza kulembetsa funso lopita kwa nduna, yankho lake n'kulowa m'kaundula wa zokambirana. Akhozanso kukuperekerani chikalata cha madandaulo chosainidwa ndi mamembala anu. Koma ntchito yeniyeni imachitikira m'makomiti. Tumizani kope la kalata yanu, kudzera kwa Kalaliki wa Nyumba ya Malamulo, kwa wapampando wa komiti yoona za ulimi komanso wa komiti yoona za malamulo, imene gawo 56 limalamula kuti ikhalepo nthawi zonse. Gawo 60 limapatsa makomiti mphamvu yofufuza ndi yoitanitsa munthu aliyense waudindo kuti adzayankhe. Mlembi wamkulu wa unduna akaitanidwa kuti abwere ndi chikalatacho, nkhani imasintha nkhope. Ndipo popeza malamulowo adzakhudza dziko lonse, gwirizanani ndi anzanu a m'maboma ena kuti aliyense alembere phungu wake. Mutu umodzi susenza denga.

Zikakanika zonsezi, malamulowo n'kutuluka mu Gazeti, khomo la khothi likadali lotsegula, koma kwa kanthawi kochepa. Gawo 108 limapatsa Khothi Lalikulu mphamvu younika lamulo lililonse ndi chiganizo chilichonse cha boma. Njira yake ndi imene maloya timaitcha judicial review: mumayamba mwapempha chilolezo cha khothi, ndipo ndondomeko ya makhothi ya 2017 imati pempholo lifike msanga, pasanathe miyezi itatu. Khothi likhoza kuwonjezera nthawi, koma musadalire chifundo chimenecho. Ndikukumbukira mayi wina amene anafika mu ofesi yanga atanyamula chikalata chotsekera malo ake a malonda, chopindidwa kanayi m'kachikwama ka pulasitiki. Pachikalatapo panali nambala ya chidziwitso cha boma chimene iye anali asanachimvepo. Titawerenga masiku, miyezi itatu inali itadutsa kalekale. Anangokhala chete, akusisita chikalatacho pa bondo. Tsiku limenelo linandiwawa, ndipo n'chifukwa chake ndikulimbikira za tsiku la pa Gazeti.

Khothi silifunsa ngati malamulowo ndi okoma kapena owawa. Limafunsa ngati nduna inali ndi mphamvu, ngati inatsata ndondomeko, ndiponso ngati sinaphwanye malamulo aakulu. Mu Epulo 2020 nduna ya zaumoyo ya nthawiyo, a Jappie Mhango, inalengeza kuti anthu akhale m'nyumba masiku 21 kuyambira pa 18 Epulo chifukwa cha Covid-19, pogwiritsa ntchito malamulo ang'onoang'ono opangidwa pansi pa lamulo la zaumoyo. Pa 17 Epulo woweruza Kenyatta Nyirenda anapereka chiletso, ndipo mu Seputembala chaka chomwecho oweruza atatu anagamula kuti m'bindikirowo unali wosemphana ndi malamulo aakulu. Ndime yachiwiri ya gawo 58 imanena momveka kuti Nyumba ya Malamulo singabwereke kwa wina mphamvu yopanga malamulo okhudza kwambiri ufulu wachibadwidwe wa anthu. Koma onaninso mbali inayo. Makampani opanga majumbo anatsutsa malamulo a 2015 oletsa mapulasitiki opyapyala osafika mamaikironi 60, nkhani inakoka zaka, ndipo mu 2019 Khothi la Supreme linasiya chiletsocho chili chiimire. Amenewo anali makampani a ndalama zawo. Nkhani yanu ya mtengo wa chiphaso ikufanana kwambiri ndi ya majumbo kusiyana ndi ya m'bindikiro, ndiye ngati lamulo lobereka likulola nduna kuika ndalamazo ndipo ndondomeko yatsatidwa, kupambana m'khothi kudzakhala kovuta. Mphamvu zanu ziikeni pa nthawi ino, cholembera chisanafike pa pepala.

Ngati thumba la gulu silingakwanitse loya, kafunseni ku ofesi ya Legal Aid Bureau, imene imathandiza pa milandu anthu osakwanitsa kulipira loya, ngati mungathandizidwe. Pakadali pano sankhani membala mmodzi wodziwa kuwerenga Chingelezi kuti azifunsa za Gazeti sabata iliyonse, ndipo munditumizire chithunzi cha chiphaso chanu chapano, mbali zonse ziwiri, pamodzi ndi kope lodindidwa la kalata yopita ku unduna ija. Ndikaona dzina la lamulo ndi gawo lopatsa nduna mphamvu, ndidzakuthandizani kulemba kalata yopita ku makomiti awiri aja.