Yankho kwa alamu: kupita ndi ana ku Dziwe la Nkhalamba nthawi ya mvula

Alamu, mwaswera bwanji kumeneko? Funso lanu pa gulupu ndaliona, loti mukabwera pa Khirisimasi mungapite ndi ana ku Dziwe la Nkhalamba, pa mathithi aja a m'phiri la Mulanje, pomwe mvula ili mkati chonchi. Kulemba ndichedwa, ndingolankhula.

Pitani ndithu. Matope asakuopseni, ana amawakonda kuposa mathithiwo. Chimene ine ndimaopa ndi mtsinje wa Likhubula. Mvula imatha kugwa pamwamba pa phiri, ku Chambe uko, inu m'munsi muli padzuwa, kenako madzi n'kungotulukira ofiira, atanyamula zinyalala ndi nthambi. Mwala umene munapondapo popita, pobwerera simuuonanso. Ndiye lamulo langa ndi limodzi: mukaona mtambo wakuta phiri, kapena madzi ayamba kusintha mtundu, nyamulani ana mubwerere, ngakhale dziwelo mwatsala pang'ono kulifika. Chiyambire namondwe wa Freddy uja wa mu Malichi 2023, anthu a ku Mulanje ndi Phalombe madzi ochokera m'phiri sawatengera chibwana.

Nyamukani m'mamawa. Mvula kuno imakonda masana, choncho ikamati 7 koloko mukhale mwadutsa kale pa Chitakale, mwalowa msewu wa ku Phalombe. Pa Likhubula mukayambe mwaima pa ofesi ya zankhalango, mulipire ya pakhomo, mutengenso wokuperekezani. Musaumire pamenepo alamu, ndakudziwani! Anyamata amenewo amadziwa podutsa lero ndi posadutsa, ndipo kamwana kakatopa amakanyamula pamapewa. Munthu wamkulu amayenda pafupifupi ola limodzi kukafika. Ndi ana anuwo werengerani maola awiri, chifukwa chule aliyense aimapo, bongololo aliyense afuna amugwire.

Eya, za nsapato. Masilipasi ayi. Amakanirira m'matope, mwana n'kutsala ndi phazi limodzi, kulira n'kuyambika. Ngati muli ndi tijombo ta mphira bweretsani, apo ayi nsapato zakale zomanga zingwe, zimene simudandaula nazo. Zoyera za pa Khirisimasi zija zitsale m'chikwama. Dothi lake ndi lofiira, lokanirira, pochapa mudzatukwana. Wamng'onoyo mayi ake amubereke kumbuyo ndi chitenje, manja onse akhale opanda kanthu, chifukwa pamiyala yonyowa m'poterera kwambiri, makamaka potsika. Potsika wamkulu azitsogola, ana pakati.

Iwe, tseka chitsekocho, ndikulankhula ndi amalume ako! Pepani alamu.

Ndimati chiyani... eya, linthumbu. Nyengo ino limadutsa m'njira mzere wakuda bii. Muwauziretu ana kuti akaliona alumphe, asaime n'kumalipenyerera, chifukwa likalowa m'kabudula muvula mwana pamaso pa anthu. Bowanso ali mbwee m'nkhalangomo, ndipo wina ndi wakupha. Asazule, asalawe. Mukafuna wa ndiwo tikagula kwa amayi odziwa kumsika.

Mukafika pa dziwepo, kusambira ayi. Ndikudziwa mudzapeza achinyamata akudumphira, mkulu wa anawo adzayamba kuvuta. Madzi ake ndi ozizira koopsa, ndi akuya, ndipo anthu amirapo pamenepo, ena odziwa kusambira. Akhale patali pamwala wouma, adye, ajambulitse, basi. Za nkhalamba imene akuti inkaoneka pamenepo wokuperekezaniyo awafotokozera yekha, aliyense amaikamba mwake.

Kamba musachulutse. Madzi akumwa, nthochi, chimanga chophika, mwina chinangwa. Nanazi mugule pobwerera, nthawi imeneyo amakhala ali mbwee m'mbali mwa msewu. Zovala zosinthira muike m'jumbo ya pulasitiki, zitsale m'galimoto pamodzi ndi chigubu cha madzi otsukira miyendo. Jumbo inanso ya zamatope.

China, muwauze mayi a ana. Zovalazo akachapa asayanike pansi kapena paudzu, ayanike pachingwe, ndipo azisite zonse, ndi zamkati zomwe. Nyengo ya mango ino ntchentche zija zimaikira mazira pa zovala zonyowa, mphutsi n'kulowa pakhungu la mwana ngati chithupsa. Ana okulira m'tauni sazidziwa zimenezi.

Agogo akuti nawonso apita. Ine ndawakaniza, bondo lija silingalimbe pamtsetse. Muwaimbire inuyo, mwina inu akumverani. Mundiuze tsiku lenileni lofika kuti ndipemphe tchuthi kuntchito, tipitire limodzi.