Musanagule ka galimoto ka £900 kuno ku UK

Sabata yatha mwana wa achemwali anga, yemwe wangoyamba kumene ntchito yosamalira okalamba m'makomo kuno ku Sheffield, ananditumizira chithunzi cha ka dizilo kena komwe anakaona pa Facebook. Ka 2011, kayenda mamailosi 165,000, mtengo £900. "Amalume, ndikatenge mawa?" Ndinamuuza kuti adikire kaye, ndipo poti ambiri mwa inu obwera kumene mukufunsa zomwezi, mvetserani.

Choyamba, nambala imeneyo ndi mamailosi, osati makilomita ngati a magalimoto a ku Japan omwe timakatenga ku Dar es Salaam. Mamailosi 165,000 ndi makilomita oposa 260,000. Komatu ine mtunda sindiuopa kwenikweni. Galimoto yomwe inkathamanga pa M1 tsiku ndi tsiku n'kumasinthidwa oyilo pa nthawi yake ikhoza kukutumikirani bwino. Chomwe chimadya galimoto kuno ndi mchere womwe amawaza m'misewu nyengo yozizira kuti madzi asaundane. Umadya kunsi, komwe inu simuyang'anako.

Ine zinandionekera. Chaka changa choyamba ndinagula galimoto kwa bambo wina yemwe timapemphera naye, mnzathu wa kumudzi, wolankhula Chichewa chokoma. Inali yonyezimira, mkati mukununkhira bwino, MOT, chiphaso cha kuyezedwa kwa galimoto chaka ndi chaka, itatsala ndi miyezi iwiri. Nditapita nayo koyezetsa mu Januwale, makaniko anaikweza m'mwamba n'kundiitana. Anagogoda kunsi kwa chitseko, dzimbiri n'kumayoyoka ngati nkhoko za nsima. Mapaipi a mabuleki nawo anali atadyeka. Ndalama yowotcherera inaposa yomwe ndinagulira. Nditawaimbira bambo aja anangoti, "Amwene, galimoto yakale ndi choncho." Mpaka lero amandipatsa moni ku tchalitchi ngati palibe chinachitika, ndipo chimandiwawa n'choti ankadziwa, chifukwa zonse zinalembedwa kale pa MOT ya chaka chapitacho.

Ndiye chachiwiri: pemphani nambala ya galimoto, mukaike pa webusaiti ya boma ya GOV.UK muone mbiri ya MOT. N'zaulere. Mudzaona mtunda wa chaka chilichonse ndi zomwe oyeza anachenjeza. Mukaona mawu oti corrosion, kutanthauza dzimbiri, akubwerezedwa, isiyeni, ngakhale wogulitsayo akhale m'bale wanu.

Za dizilo. Kwathu timaikonda chifukwa ndi yolimba pa ulendo wa Lilongwe mpaka Mzuzu. Koma dizilo ya zaka zimenezi ili ndi sefa ya utsi, DPF, yomwe imadziyeretsa injini ikatentha pa ulendo wautali. Ntchito yathuyi ndi ya maulendo afupiafupi: mphindi zisanu, mwaima kwa agogo awa, mphindi zisanu, kwa agogo ena. M'nyengo yozizira injini siitentha n'komwe, sefa ija imatsekeka, ndalama zimatuluka. Komanso dizilo yakale ngati imeneyi mukalowa nayo ku London mulipira £12.50 pa tsiku, pakati pa Birmingham £8. Ka petulo kakang'ono n'komwe kamayenera ntchito imeneyi.

Batire yokalamba imafera m'mawa wozizira kwambiri, 6 koloko, muli ndi nyumba zisanu ndi ziwiri zikukudikirani. Kuno kulibe anyamata a pa siteji oti mukuwe kuti akukankheni, ndipo ya automatic siilira ndi kukankha. Matayala lamulo limafuna mapanga osachepera 1.6mm, koma ndi zitunda za Sheffield pa madzi oundana ine sindiyenda ndi osakwana 3mm. Yatsaninso hita musanalipire. Ngati siitulutsa mpweya wotentha, galasi lidzachita nthunzi ndipo mudzayendetsa mukupukuta ndi mkono wa juzi.

Chomwe ambiri chimawagwetsa ndi inshuwalansi. Funsani mtengo wake musanagule, chifukwa kwa munthu watsopano imatha kuposa mtengo wa galimotoyo, ndipo pa ntchito yoyenda m'makomo iyenera kukhala ndi business use, yokulolani kuyendera galimotoyo pa ntchito. Akakugwirani mulibe, ndi £300 ndi mapointi 6 a chilango pa laisensi. Msonkho wa pamsewu suchoka kwa mwini wakale kubwera kwa inu, mumalipira wanu tsiku lomwelo. Laisensi ya ku Malawi imagwira miyezi 12 yokha chifikireni, ndipo sasintha ngati mmene amachitira ndi ya ku Zimbabwe kapena South Africa, ndiye yambani msanga za mayeso.

Mwana wa achemwali uja nambala ananditumizira. Corrosion zaka zitatu zotsatizana. Wakwiya pang'ono poti watopa ndi kudikira basi pa mphepo, koma Loweruka tikukaona Honda Jazz ya petulo ku Rotherham. Ndamuuza abwere ndi tochi ndi katoni yoyala pansi, wokagona kunsi kwa galimoto ndi iyeyo, ine msana unakana.