Agogo, Mnzanga Wachisilamu Wandiitana ku Eid: Ndipite?

*Agogo, ndine mtsikana wachikhristu, ndili pasukulu ku London. Mnzanga wachisilamu wandiitanira ku chikondwerero cha Eid in the Square, koma anzanga ena akutchalitchi akuti ndikapita ndiye kuti ndataya chikhulupiriro. Nditani?*

Pita, mdzukulu wanga, usachite kukayika.

Uyambe wadziwa kumene mwambowu unachokera. Pa 7 Julayi 2005 mabomba anaphulika m'sitima zapansi ndi m'basi mumzinda umene ukukhalawo, anthu 52 osalakwa n'kufa. Zitatero, Asilamu ambiri osadziwa kanthu anayamba kuyang'anidwa ndi diso loipa. Chaka chotsatira, mu 2006, Ken Livingstone ali meya, chikondwererochi chinachitika koyamba pa Trafalgar Square, pamtetete penipeni, polowa paulere. Akanafuna kusangalala okhaokha akanatsekera kumzikiti. Anasankha bwalo la aliyense kuti munthu ngati iweyo afike, adye nawo, aone kuti awa ndi makolo ndi ana ngati akwawo. Pabwalo lomwelo anthu azipembedzo zina amachitiraponso zikondwerero zawo: Ahindu Diwali, Asikh Vaisakhi.

Swala ya Eid imakhala itapempheredwa kale m'mawa wa tsiku lotsatira kutha kwa Ramadhan, mwezi umene Asilamu amamanga. Zapabwalozo ndi nyimbo, zakudya ndi malonda. Palibe amene akakuuze kuti usinthe chipembedzo. Ndipo anzakowo akundidabwitsa. Kwathu kuno Eid ndi tsiku latchuthi kwa tonse, ndipo ku Mangochi kapena ku Machinga maliro akagwa, Mkhristu ndi Msilamu amakhala limodzi pasiwa. Ndani anataya chikhulupiriro chifukwa chodya mpunga kwa mnansi?

Chondidetsa nkhawa ine ndi khalidwe lako ukakafika, poti kwa eni kulibe mkuwe. Uvale zaulemu monga umavalira popita kwa azakhali ako. Sakakukakamiza kufunda kumutu. Mowa usayandikire nawo. Moni wake ndi wakuti "Eid Mubarak", ndipo ukamunena mochokera pansi pa mtima nkhope zawo zidzawala. Bambo akapanda kukupatsa dzanja, n'kungoika dzanja lake pachifuwa, usakhumudwe: sakukunyoza, umenewo ndi ulemu wake. Nawenso utero. Usajambule amayi ndi ana usanapemphe, ngakhale zovala zawo zikongole bwanji.

Koma chachikulu ndi pakamwa. Mnzakoyo wamanga mwezi wathunthu, osadya osamwa kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa. Limeneli ndi tsiku lake lokondwa, osati lomuzenga mlandu wa zimene anachita anthu ena, kapena lotsutsana za Yesu ndi Muhammad. Ngati uli ndi mafunso, umufunse za kumanga, za chopereka cha zakaat ul-fitr chimene amapereka kuti osauka nawonso adye bwino pa Eid. Adzakufotokozera mosangalala.

Disembala ikakwana, pabwalo lomwelo amaimikapo mtengo wa Khirisimasi umene mzinda wa Oslo wakhala ukutumiza chaka ndi chaka kuyambira mu 1947. Nawenso udzamuitane akauone, kenako mudzapite kwanu akadye. Nyama yake udzagule ya halaal, ndipo ya nkhumba isadzaoneke patebulo tsiku limenelo.