Zobiriwira za ku Elephant Marsh ndi mabakiteriya a m'nyanja yamchere

Aphunzitsi ena a ku Bangula anditumizira imelo. Akuti ana awafunsa ngati zobiriwira zoyandama m'madambo a Elephant Marsh nthawi yotentha zili pachibale ndi mabakiteriya a m'nyanja yamchere, aja amati ndiwo anabweretsa mpweya wa okosijeni.

Aphunzitsi, chibale chilipo, koma tisiyanitse kaye. Namasupuni ndi chomera. Ndere zambiri si mabakiteriya. Koma zija zimaoneka ngati penti wobiriwira wotayikira pamadzi odikha, kawirikawiri ndi ma cyanobacteria, gulu la mabakiteriya opanga chakudya ndi dzuwa, momwenso muli aja a m'nyanja yamchere.

Dziko lapansi lili ndi zaka pafupifupi 4.5 biliyoni, ndipo pafupifupi theka la zakazo munalibe okosijeni mumlengalenga. Mabakiteriya oyamba kudya za dzuwa ankadalira chitsulo chosungunuka m'madzi kapena mpweya wa salufa, osatulutsa okosijeni. Ma cyanobacteria anabwera ndi luso lina, long'amba madzi enieniwo ndi mphamvu ya dzuwa. Madzi sasowa m'nyanja, choncho anaswana kwambiri, okosijeni n'kumatuluka ngati zotsalira. Poyamba ankangothera m'chitsulo cha m'nyanjamo, chitsulocho n'kuchita dzimbiri, n'kudikha pansi. Miyala yake ndi imene akukumba lero ku Australia ndi ku South Africa. Zaka pafupifupi 2.4 biliyoni zapitazo m'pamene mpweyawu unayamba kuchuluka mumlengalenga.

Kusinthaku sikunathere pomwepo. Mu 1986 wasayansi Sallie Chisholm ndi anzake anatulukira Prochlorococcus, mtundu wa cyanobacteria wa m'nyanja yamchere, kachepetsetsa mwa zamoyo zonse zodziwika zopanga chakudya ndi dzuwa. M'mililita imodzi ya madzi mumatha kupezeka oposa 100,000. Mtunduwu unagawikana. Ena amakhala pamwamba pomwe dzuwa limaswa mtengo, ena anazolowera kachisisira ka pansi, kupitirira mamita 100. Poti m'katikati mwa nyanja chakudya n'chosowa, anataya majini (genes, tizigawo tosunga malangizo a chibadwa) ambiri, moti ena angotsala ndi pafupifupi 1,700. Ine izi zimandigometsa, chifukwa ambiri timaganiza kuti chamoyo chikamasintha ndiye kuti chikukula.

Koma anawo muwauze makamaka ichi. Kalekale kachamoyo kena kanameza cyanobacteria koma osamugaya, iye n'kukhazikika m'katimo mpaka kusanduka chloroplast, kachigawo kobiriwira kopangira chakudya m'tsamba. Wasayansi Lynn Margulis anaimirira ganizoli mu 1967 anthu ambiri akulikana, ndipo kafukufuku wa DNA anadzatsimikiza. Ndiye tsamba la mapira ku Nsanje, la thonje ku Ngabu, la nzimbe ku Nchalo, onsewo asunga zidzukulu za mabakiteriya amenewa.

Chonde muwachenjezenso. Mitundu ina ya cyanobacteria ya m'madzi opanda mchere, monga Microcystis, ikachulukana imatulutsa poizoni woononga chiwindi, ndipo ng'ombe zimafa nayo. Kuwiritsa madzi sikuchotsa poizoniyu. Ana oweta akaona thamanda lokhala ndi utoto wotero, apititse ziweto pena, ndipo iwonso asamwe kapena kusambamo.