Timibulu ta pulasitiki tikutuluka ndi timabowo, ndichite chiyani?

FUNSO: Zikomo akonzi. Ndangoyamba kumene ntchito pa fakitale ina ku Makata, kuyendetsa makina osungunula zinyalala za pulasitiki n'kuzisandutsa timibulu togulitsa kwa opanga ndowa ndi mabeseni. Zingwe za pulasitiki yosungunuka zotuluka pamakina, zimene timazidula kukhala timibulu, zikungoduka zokha, timibulu tili ndi timabowo m'kati, ndipo ogula abweza matumba angapo. Akapitawo akuti vuto ndine. Ndikuopa kuchotsedwa ntchito. — Wowerenga wa ku Ndirande

YANKHO: Achimwene, mtima m'malo. Makina oterewa ndagwira nawo ntchito zaka zambiri ku Chirimba, ndipo vuto ngati lanuli kawirikawiri limayambira pabwalo posankhira ndi kuchapira zinyalala, katundu asanafike n'komwe m'manja mwanu.

Timabowoto ndi madzi. Pulasitiki yochapa ikalowa m'makina isanaumitsitse, madzi aja amasanduka nthunzi mumpope wotentha wosungunuliramo pulasitiki, nthunziyo n'kutsekeredwa m'chingwe. Majumbo ndiye osautsa kwambiri chifukwa amasunga madzi m'makwinya, makamaka nthawi ya dzinja. Tapani pang'ono mufinye m'manja. Chikhatho chikanyowa, musathire, ngakhale akukakamizeni kuti ntchito ikuchedwa.

Kuduka kwa zingwe ndikukayikira kusakaniza mitundu ya pulasitiki. Yang'anani nambala ili m'kachizindikiro ka ngodya zitatu kunsi kwa chiwiya; nambala iliyonse ndi mtundu wake wa pulasitiki, wokhala ndi dzina lake lachidule. Zigubu zambiri ndi 2, HDPE. Majumbo ofewa ndi 4, LDPE. Mabeseni ndi mipando nthawi zambiri ndi 5, PP. Mabotolo a madzi ndi zakumwa ndi 1, PET. Mitunduyi sisungunuka pa moto umodzi: HDPE imasungunuka cha pa madigiri 130, PP cha pa 165, pomwe PET imafuna pafupifupi 250. Ndiye kachidutswa ka botolo kakalowa m'katundu wa zigubu, kamakhala kolimba chomwecho, kamatseka sefa ya m'makina kapena kukadula chingwe potulukira. Kuyesa kwake n'kosavuta. Thirani zidutswazo m'ndowa ya madzi: HDPE, LDPE ndi PP zimayandama, PET ndi PVC zimamira. PVC imeneyi, nambala 3, ya mapaipi ija, ndimaiopa kuposa zonse. Ikapsa imatulutsa mpweya wolasa m'mphuno ndi m'chifuwa, umenenso umadya chitsulo cha makina. Mukamva fungo loterolo, zimitsani ndipo mutsegule zitseko.

Sefayo muziisintha msanga. Katundu wotola kotayira zinyalala ku Mzedi kapena m'mbali mwa mtsinje wa Mudi amabwera ndi mchenga wambiri.

Pali china chimene simunafunse koma chandidetsa nkhawa, poti ndinu watsopano. Magetsi akazima ntchito ili m'kati, pulasitiki imauma gwa mumpope. Akayakanso musathamangire kuliza makina. Yatsani zotenthetsera zokha, moto ufike pamlingo wake, mudikirebe kanthawi kuti za m'katikati zifewe, kenako muyambe pang'onopang'ono. Mukafulumira mungathyole chitsulo chozungulira chokankha pulasitiki mumpopemo, ndipo pamenepo ntchito ingathedi. Chigayo chophwanyira pulasitiki chikatsamwa, musapise dzanja musanazimitse pa switchi yaikulu. Pemphani magolovesi, magalasi ndi zotseka m'makutu, chifukwa lamulo la ntchito limati abwana apereke zimenezi.

Mawa lawirirani, mutape katundu wa tsikulo, mumuyese m'ndowa akapitawo akuona. Zomira muwapatse m'manja, kenaka muwapemphe mwaulemu kuti osankha ndi oyanika awonjezeredwe nthawi.