Amalume akukambirana, koma masiku 28 a khoti akutha

Achimwene, mwati mlatho womangidwa ndi ndalama za CDF (thumba la boma la chitukuko cha m'dera la phungu) kwanuko unakokoloka ndi mvula yoyamba, ndipo mtima utakuwawani munalemba pa gulupu ya WhatsApp ya m'dera kuti kontirakitalayo ndi mbava, anagulitsa simenti. Apolisi anakuitanani n'kukuopsezani ndi chitokosi, tsopano mwalandira chisamani cha ku Khoti Lalikulu chofuna chipukuta misozi pa mlandu woipitsa mbiri. Amalume anu akuti chisiyeni, akakambirana ndi abale ake a munthuyo. Mukufunsa ngati kudzudzula ntchito yoipa wasanduka mlandu.

Tiyambe ndi chisamanicho, chifukwa ndicho chingakugwetseni. Malamulo a 2017 oyendetsera milandu yotere ku Khoti Lalikulu amakupatsani masiku 28, kuphatikizapo tsiku lomwe munachilandira, kuti mupereke kukhoti chikalata chodziteteza ndi mndandanda wa zikalata za umboni wanu. Masikuwa saima chifukwa amalume ali pa zokambirana. Saimanso chifukwa abusa kapena amfumu alowererapo. Akangotha inu muli chete, loya wa mbali inayo amakapempha chigamulo chomwe timati default judgment, ndipo khoti lingachipereke osamva mbali yanu. Zikatero chotsala n'kuwerengera kuti mulipira zingati, kenako masherifu pakhomo kudzanyamula katundu.

Ndaonapo anthu omwe anali ndi zithunzi, mboni ndi makalata okwanira akuluza motere, umboni wawo osafika n'komwe pamaso pa woweruza. Zimandiwawa, chifukwa kawirikawiri amene anawauza kuti akhale pansi ndi achibale owafunira zabwino, koma osadziwa kuti mbali inayo ikumwetulira pa zokambirana kwinaku loya wake akuwerenga masiku. Chigamulo chotere chingathe kuchotsedwa, inde, koma muyenera kupempha mwamsanga, kufotokoza chifukwa chomveka chomwe munachedwera, ndiponso kuonetsa kuti muli ndi mfundo zenizeni zodzitetezera. Woweruza angavomere kapena kukana, ndipo ngakhale atavomera, nthawi zambiri ndalama zomwe mbali inayo yaononga zimagwera inu. Amalume apitirize kukambirana ngati afuna, koma chikalata chanu chilowe kukhoti kaye. Mukagwirizana, mgwirizanowo ulembedwe ndipo mlanduwo utsekedwe kukhoti komweko, osati pakamwa pokha.

Tsono za mawu anuwo. Gawo 35 la malamulo aakulu a dziko lino limakupatsani ufulu wolankhula zakukhosi, ndipo sililamula kuti muzidzudzula mofatsa. Ndalama za CDF ndi za anthu, mlathowo amawoloka ndi ana asukulu ndi odwala. Anthu akadamakhala chete, ntchito zosalongosoka zambiri sizikadaululika. Kunena kuti ntchitoyo ndi yochititsa manyazi, kuti munthuyo asadzapatsidwenso kontirakiti, ndi maganizo anu pa nkhani yokhudza anthu onse, ndipo lamulo limawateteza ngati akhazikika pa zinthu zoona komanso ngati simunawanene chifukwa cha chidani. Koma kunena kuti anagulitsa simenti ndi kumuneneza kuti anapalamula mlandu wakuba. Apa udindo wopereka umboni uli pa inu, osati pa iye. Kukokoloka kwa mlatho kumasonyeza ntchito yoipa, koma pakokha sikutsimikiza kuba. Ngati pali amene anaona matumba akutuluka usiku ndipo ali wokonzeka kulumbira m'khoti, mlandu wanu uli ndi miyendo. Ngati munangomva pamsika, konzekani kuti mbali imeneyo ingakuvuteni. Sindingakulonjezeni kupambana.

Za apolisi, ndinene mosabisa kuti khalidwe loitanira anthu kupolisi kuti akapepese munthu wandalama limanditopetsa. Mu July 2025, pa mlandu wa Joshua Chisa Mbele, oweruza atatu a Khoti Lalikulu anagamula kuti gawo 200 la Penal Code (malamulo a milandu yaupandu), lomwe linkalola kumanga munthu chifukwa choipitsa mbiri ya mnzake, n'losemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Choncho kuipitsa mbiri ndi nkhani ya chipukuta misozi. Komabe musadzitame, chifukwa lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security likadalipo. Gawo 87 limalanga munthu amene mwadala komanso mobwerezabwereza agwiritsa ntchito foni kapena intaneti posokoneza mtendere wa mnzake popanda cholinga choyenera, ndipo chilango chake ndi K1,000,000 ndi miyezi 12 kundende. Uthenga umodzi wokhudza mlatho wa anthu onse sindikuona ukukwanira pamenepo, koma mukayamba kumutumizira zotukwana tsiku ndi tsiku, mudzawapatsa mlandu womwe panopa alibe.

Akakuitananinso, pitani ndi loya kapena wachibale. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko limakupatsani ufulu wokhala chete, ndipo akakutsekerani ayenera kukufikitsani kukhoti pasanathe maola 48. Belo ya kupolisi ndi yaulere. Musasaine kalata yopepesa yonena kuti munanama musanaionetse loya, chifukwa kalata yomweyo idzatulutsidwa ku Khoti Lalikulu ngati umboni wokutsutsani. Kupepesa kolembedwa bwino kungachepetse chipukuta misozi, koma mawu ake asankhidwe mosamala.

Musalembenso kanthu za munthuyo pa gulupupo, ndipo uzani anzanu asiye kufalitsa uthengawo, popeza wofalitsa naye angasumiridwe. Jambulani zokambirana zonse, zam'mbuyo ndi zam'tsogolo mwa uthenga wanu, madeti akuoneka, musanafufute chilichonse. Jambulaninso mlathowo usanakonzedwe. Lembani kalata kukhonsolo, pogwiritsa ntchito lamulo la Access to Information, lopereka ufulu wopeza zikalata za boma, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2020, kupempha kontirakiti ndi zikalata zosonyeza ndalama zomwe analipidwa, ndipo sungani kope losindikizidwa chidindo. Ngati mukukhulupirira kuti panachitika katangale, kakatuleni nkhaniyo ku Anti-Corruption Bureau.

Ngati ndalama za loya mulibe, pitani ku ofesi ya Legal Aid Bureau yapafupi mawa lomwe, mutatenga chisamanicho ndi mapepala onse omwe anabwera nacho, ndipo muwauze tsiku lenileni lomwe munachilandira.